Shafiti Yopanda Utoto

Anthu awiri anabwera kudzavomera mlandu umodzi, ndipo onse awiri ankaoneka kuti akunama. Upolisi ndaugwira mpaka imvi zamera, koma zoterezi ndinali ndisanazionepo. Kawirikawiri munthu amakana ngakhale nkhuku imene nthenga zake zidakali pandevu pake.

Mlanduwo unali wa imfa. Ku depoti ya simenti, makina okwezera katundu anagwetsa mulu wa matumba n'kuphwanya bambo amene ankaulandira ali pansi. Anafera pomwepo. Chimene chinathyoka ndi shafiti, chitsulo chobulungira chimene chimanyamula gudumu lokulungira chingwe. Inali yatsopano, yosemedwa pa makina m'wekishopu ya a Chala, mmisiri wachikulire wodziwika mbali yonseyo. Womwalirayo anali mkamwini wawo.

Maliro atangotha, woyamba kufika patebulo panga anali wamasiye, mwana wamkazi wa a Chala, yemwenso ndi mmisiri. Anali ndi pakati poonekera kale. Maso ake anali ouma ngati munthu amene walira mpaka misozi kutha.

"A Sajeni, shafiti ija ndinasema ndine. Ndinalakwitsa. Lembani."

"Khalani kaye pansi, mayi."

"Ndikakhala sindidzukanso. Lembani basi."

Dzuwa lisanapendeke anafika bambo ake, chipewa chili m'manja, magalasi okandikakandika ali pamphuno.

"Mwanayu musamumvere," anatero. "Chisoni chamusokoneza mutu. Pa makina paja ndinaimapo ndine."

Ankalankhula akuyang'ana khoma, ngati mwana wasukulu amene akubwereza zoloweza. Bwana wanga, munthu wosakonda nkhani zazitali, anati ndingotenga amene anayamba kuvomera. Ndikanatero, mwana wa malemu akanabadwira m'manja mwa boma, bambo ali m'manda, mayi ali m'chitokosi. Zimenezo zinandikanika kumeza. Ndinapempha kuti andilole ndiyendeyende kaye.

* * *

Kapitawo wa ku depoti anali munthu wa pakamwa posatseka. Ndinamupeza akukalipira anthu amene ankasesa fumbi la simenti pamalo pamene ngoziyo inachitikira.

"Aaa, a Sajeni, ife tatayatu munthu! Munthu uja analibe chifukwa ndi aliyense. Ntchito ya shafitiyi ndi iyeyo anachita kupempha kuti ipite kwa apongozi ake. Akuti mdala akusowa makasitomala, timuthandize. Ndiye onani kuthandiza kwake."

"Anakaitenga ndani?"

"Yekha, panjinga yake. Makina anali ataima, malole atafola mpaka kumsewu, mabwana akutilalatira. Anathamanga m'mawa, n'kubwera nayo ataikulunga m'chiguduli ngati khanda. Tinaimanga, inalowa bwinobwino, osachita kukhoma. Inagwira ntchito kanthawi ndithu isanathyoke."

Anatulutsa zidutswa ziwiri za shafitiyo m'kabati n'kuziika patebulo. Kumapeto kwa chidutswa chimodzi kunali timadontho titatu tokhomedwa ndi panchi, kachitsulo kosongoka kokhomera zizindikiro.

"Ichi ndi chizindikiro cha a Chala," anatero kapitawo. "Koma chimene chinandidabwitsa ine ndi utoto. Zitsulo zonse zochokera kumeneko zimabwera ndi kadontho ka utoto wa buluu pambali pa timadonthoti. Iyi inalibe. Ndinamufunsa malemu, iye n'kuseka, amvekere, kodi utoto ndi umene umanyamula simenti?"

Kenaka anatsitsa mawu, koma kutsitsa kwake kunali kwakuti wakugeti akanamva.

"Anthu akunong'onatu. Akuti mmisiri akafuna kupha sagwira mpeni. Ine sindikunena kanthu, ndangomva."

* * *

Zidutswazo ndinapita nazo ku sukulu ya zaluso, kwa mphunzitsi wa ntchito yosema zitsulo. Anali bambo wowonda, wa shati yosita mpaka kuthwa, wolankhula mawu amodziamodzi ngati akuwayeza kaye. Kumbuyo kwake ophunzira anali ataima pa makina, manja a malaya atapinda, tsitsi litamangidwa.

"Chotsani mphete yanuyo mukamalowa muno, mayi," anandiuza asanandipatse n'komwe moni. "Makina sadziwa wapolisi."

Anatenga kachoyezera kake, n'kuyeza shafitiyo uku ndi uku, akugwedeza mutu.

"Muyeso uli ndendende. Kusalala kwake, onani nokha. Amene anasema apa ndi katswiri. Munthu amaphunzira zaka kuti afike apa. Amayamba ndi kusesa ndi kupala chitsulo ndi fayilo. Kenaka kuwerenga chojambula, kuyeza mpaka kusiyanitsa zinthu zochepa kuposa tsitsi, kunola mpeni wa makina, kudziwa liwiro loyenera chitsulo chilichonse. Zonsezo munthu uyu akuzidziwa."

"Nanga yathyokeranji?"

Analoza pamene shafiti imachoka ponenepa kupita powonda.

"Apa timati paphewa. Pamafunika pakhote mofewa, pazungulire pang'ono. Mukasiya ngodya yakuthwa, chitsulo chimatopera pomwepo. Kamng'alu kamayamba kosaoneka, kamakula tsiku ndi tsiku, mpaka tsiku lina chimangoti phwa. Uku kwathyokaku simungaone bwino. Onani phewa la mbali inayi, limene lili lamphumphu."

Anatenga chala changa chachikulu n'kuchiyendetsa pamenepo. Chikhadabo chinakodwa m'ngodya.

"Mwamva? Mpeni wake unali wolakwika. Pali wosongoka, pali wobulungira kunsonga. Ukaiyang'ana patebulo imafanana, kusiyana kwake n'kochepa ngati kambewu ka mpiru. N'chifukwa chake mmisiri akamaliza amayesa ndi chala."

Ndinamuuza za wamasiye uja. Nkhope yake inasintha.

"Ndinamuphunzitsa ndine. M'kalasi mwake munalibe womuposa, amuna onse ankakopera kwa iye. Koma za phewa sindinamuphunzitse, anabwera akuzidziwa kale. Dzina lakuti a Chala mukuganiza linachokera kuti? Mdala uja chitsulo sichituluka pakhomo pake asanachiyendetse chala. Ophunzira ake amawagwira chala chonchi, monga ndakugwirani inumu, mpaka amve."

"Ndiye mwa awiriwa angalakwitse ndani?"

Anaika kachoyezera m'bokosi lake, n'kutseka mosamala.

"Palibe, mayi. Munthu wodziwa ntchito chonchi akasiya ngodya yotere, ine ndingati wafuna."

* * *

Mawu amenewo anandilemera njira yonse. Ndinali nditayamba kuwamvera chisoni anthu awiri aja, ndipo chisoni pa ntchito yathu chimachititsa khungu.

Khomo loyandikana ndi wekishopu ya a Chala linali la wowotcherera zitsulo, bambo wonenepa wa maso ofiira, amene ankaseka ngakhale pa zosaseketsa. Tsiku limenelo kuseka kwake kunali kofooka.

"Mkangano? Pakati pa mdala ndi mkamwini? Ayi, amayi. Awo anali ngati munthu ndi mwana wake wobereka. Mnyamata uja akabwera ankayamba wawapukutira magalasi apongozi ake. Tsiku limene anadzatenga shafiti ndinawaona ndi maso angawa, akugwirizana moti kunangotsala kuwawotcherera pamodzi. Mdala anaichotsa pa makina, anaisisita ndi chala monga mwa nthawi zonse, anakhoma timadontho take, n'kuipereka."

"Mwana wawo anali kuti?"

"Kusikelo. Anadutsa pano m'mawa atavala diresi, ine n'kumuseka kuti lero ovolosi yapuma. Pobwera dzuwa linali pamutu. Atamva kuti shafiti yapita anafunsa kawiri, yapita? Kenaka anatuluka n'kuimbira mwamuna wake. Ndinamva akuti, ibweretse kaye ndiione. Koma inali itamangidwa kale, makina akuyenda. Mwamunayo ayenera kuti anamuseka, chifukwa mkaziyo anangoti chabwino, n'kudula."

"Utoto wa buluu amapaka ndani?"

"Ndi mwanayo. Mdala akapita kukadya masana, iye amatsala. Amatenga chilichonse chimene bambo ake asema, n'kumachiyeza, n'kumachisisita. Nthawi zina ndimamva makina akulira pang'ono. Akamaliza amapaka utoto. Mdala anauzidwa kuti ndi chizindikiro chakuti katundu wakonzeka kupita. Kale kunalibe zimenezi, zayamba chaka chathachi."

Anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Koma mdala uja ndi wolimba, amayi. Tsiku lina anatola chitsulo chimene ndinali nditangowotcherera kumene. Ine kukuwa, iye ali phee, akuchitembenuza. Mpaka fungo la khungu kumveka. Ndinamuuza kuti mdala, mankhwala anuwo mundigaireko."

Anaseka, koma ataona nkhope yanga anasiya.

* * *

Ndinadikira nthawi ya chakudya cha masana. A Chala atatuluka, ndinalowa.

Wekishopu yake inali yaing'ono koma yaudongo. Makina osemera anali pakati, aatali, obiriwira, utoto utasupuka pamene manja amagwira. Pansi pake panali zinyenyeswa zachitsulo zopotanapotana. Mipeni inali itandandalikidwa pathabwa, ndipo ina inali itakulungidwa tepi yofiira kuchigwiriro. Wamasiye uja anali atakhala pampando, kachitini ka utoto wa buluu kali pamiyendo, kosatsegula.

Ndinaika zidutswa za shafiti patebulo.

"Mayi, tsiku lija munali kusikelo."

Anatembenuza kachitini kaja pamiyendo pake.

"Shafiti iyi ilibe utoto wanu. Simunaione n'komwe."

"Ndinaiwala kupaka."

"Tepi yofiirayi ndi ya chiyani?"

Anayang'ana thabwa lija nthawi yaitali. Kenaka mapewa ake anagwa.

"Ndi ya mipeni yobulungira. Ndinkafuna bambo aziiona msanga. Tsiku limenelo wobulungira ndinali nditauchotsa kuti ndiunole, ndinausiya pachonolera. Anatenga umene unali pafupi."

"Zala zawo zinasiya liti kumva?"

Apa ndi pamene analira. Sanakuwe. Misozi inkangotsika, iye akulankhula ngati akufotokoza za munthu wina.

"Ndi shuga. Zinayamba ndi mapazi. Kenaka ndinaona akudzicheka osadziwa, magazi akudontha pa makina. Muyeso amaupeza ndithu, manambala a pachoyezera amawawerenga. Koma chala chija chinafa, a Sajeni, ndipo iwo sakudziwa. Amachiyendetsa paphewa, sichikodwa paliponse, iwo n'kumati zili bwino. Ndikanawauza bwanji? Amayi anamwalira, iwo anatsala ndi makina awa ndi dzina lawoli. Ndinati ndizingokonza pambuyo pawo mwakachetechete. Mwamuna wanga yekha ndiye akanandithandiza, koma nayenso sindinamuuze. Ndikanamuuza, sakanaitenga."

"Nanga bambo anu akuvomera chifukwa chiyani, ngati sakudziwa?"

"Uthenga wa ngozi utafika, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, ndi shafiti yanga? Ndinaona kuti ndikati inde, ndiika maliro awiri. Ndiye ndinawauza kuti yawo ija inali ndi vuto la chitsulo, ndinapita kudepoti madzulo n'kukaisintha ndi ina imene ndinasema ndekha mothamanga. Anakhulupirira. Akuganiza kuti akunama kuti andipulumutse."

Ndinakhala pansi. Mdalayo ankanena zoona akuyesa bodza, ndipo bodza lenileni linali la mwana amene ankamuteteza.

"Chilowereni maliro sanandiyang'anepo kumaso," anapitiriza. "Amandidyetsa, amandifunsa za mimbayi, koma kumaso ayi. Ndikudziwa zimene akuganiza, kuti ndinawachititsa manyazi ndi kupha mwamuna wanga ndi ulesi. Zimenezo ndingazipirire. A Sajeni, ndagwira mwendo wanu. Lembani ine."

"Mayi, mukalowa m'chitokosi, utoto uja azipaka ndani? Mawa abwera wina ndi shafiti ya basi."

Nthawi yomweyo chitseko chinalira kumbuyo kwathu.

* * *

A Chala anaima pakhomo, akutiyang'ana. Ndinadziwa kuti sanamve zimene tinkakamba, chifukwa analowa ndi mawu awo omwe aja.

"A Sajeni, ndinakuuzani kuti mwanayu mumusiye. Ngati mwabwera ndi unyolo, manja ndi awa."

Kenaka anaona zidutswa patebulo. Chichitikireni ngozi anali asanazione. Anayandikira pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti mmisiri mwa iwo waposa bambo. Ankafuna kuona pamene mwana wawo analakwitsa.

"Ababa, zisiyeni," anatero mwanayo.

Anatola chidutswa chachikulu, n'kuchitembenuza. Anachiyandikitsa kumagalasi, n'kuyang'anitsitsa kumapeto kwake.

"Timadontho iti ndi tanga."

"Ndinabwereka panchi yanu, Ababa."

"Panchi ungabwereke. Koma kachitatuka kapendekera kumanzere. Iwe umakhoma mowongoka, ndinalephera kukuphunzitsa kupendeketsa." Anandiyang'ana. "Ndiye kuti iyi ndi yanga ija. Nanga yathyoka bwanji? Chitsulo chake chinali chabwino."

Ndikanatha kuyankha, koma ndinaona kuti si malo anga. Iwo anaika chala chachikulu paphewa lamphumphu lija, n'kuchiyendetsa mozungulira, maso atatsinzina. Anachita zimenezo mwaulemu, monga ayenera kuti anachitira moyo wawo wonse.

"Apa pali bwino," anatero. "Posalala."

Kunja wowotcherera uja anali atazimitsa makina ake, ndipo bata linali lakuti ndinkamva mafuta akudontha m'thireyi.

A Chala anatsegula maso, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi. Anayendetsanso chala, mwamphamvu tsopano, mpaka chikhadabo kuyera. Kenaka anatambasula dzanja kwa mwana wawo.

"Bwera kuno. Ndipatse chala chako."

"Ababa, chonde."

"Ndipatse."

Anachigwira monga mphunzitsi uja anandigwirira ine, monga ayenera kuti anachigwirira mwanayo ali wamng'ono, ataimirira pabokosi kuti afikire makina. Anachiyendetsa paphewa. Chikhadabo chinakodwa, ndipo kaphokoso kake tonse tinakamva.

Kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro, anamuyang'ana mwana wawo kumaso.

"Pa ntchito sitinamizana. Ukumva chiyani?"

"Ndi pakuthwa, Ababa."

"Changa chikuti ndi posalala."

"Ndikudziwa."

Anaika chidutswacho patebulo mosamala. Anayang'ana thabwa la mipeni ndi tepi yake yofiira, kenaka kachitini ka utoto kamene kanali katagwera pansi. Ndinaona akuwerenga zinthu zimenezo chimodzichimodzi, ndipo nkhope yawo inkakalamba ndikuona.

"Kuyambira liti, mwana wanga?"

"Chaka chatha."

"Zonse zija zinkatuluka muno?"

"Ndinkaziona zonse. Iyi yokha ndiyo sindinaione."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye ine n'kumakukwiyira mumtima. Usiku wa maliro ndinkafunsa Mulungu kuti ndinalakwitsa pati pokuphunzitsa." Anapitiriza ndi mawu aang'ono. "Mnyamata uja anandiuza kuti, Ababa, ntchito yanu ndimaidalira ndi moyo wanga. Anatero akuseka, akukwera njinga."

Anapita kukhoma, n'kutsitsa chozimitsira magetsi a wekishopu yonse. Anavula ovolosi, anaipinda bwinobwino, n'kuiika pamwamba pa makina. M'thumba mwake anatulutsamo panchi ija n'kuiika pambali pa kachitini ka utoto.

"A Sajeni, mawu anga ndi omwe aja ndinakuuzani. Musasinthe kalikonse. Mungochotsa a mwanayu."

Unyolo sindinautulutse. Ndinawauza kuti tiyenda wapansi, ndipo ndikalemba zonse monga zilili, za shuga zomwe, kuti oweruza akaone okha. Sindikudziwa ngati anandimva. Mwana wawo anatseka wekishopu n'kutitsatira. Ndinamuuza kuti abwerere akapume, koma anakana, n'kuwagwira bambo ake dzanja.

Tinayenda choncho mumsewu wa mawekishopu, amisiri anzawo atasiya ntchito n'kuima m'makomo mwawo, zipewa zili m'manja. A Chala sanayang'ane aliyense. Koma tikayenda pang'ono ankaweramitsa mutu n'kuyang'ana dzanja lawo, kuti aone ngati mwana wawo akadaligwira.